Ngongole ya boma simwalira ndi mwini wake

Patatha miyezi itatu chiikireni maliro a bambo, amayi anandiitana kunyumba ku Chibanja kuti ndikawathandize kusanthula mapepala amene anali m'sutikesi yachitsulo ya malemuwo. Tsikulo kunali chifunga ndi kamvula kowaza kamene ife a kuno ku Mzuzu tinakazolowera, moti tinakhala m'khichini pafupi ndi mbaula n'kumatulutsa mapepalawo limodzilimodzi. Pansi pa masatifiketi a ubatizo ndi zithunzi zakale tinapeza makalata asanu okhala ndi chidindo, awiri mwa iwo osatsegula n'komwe, ndipo onse ankanena chinthu chimodzi, chakuti pamalo pamene pali nyumba yathu pali ngongole imene yakhala ikukula chaka ndi chaka. Nditawawerengera, amayi anandiyang'ana nthawi yaitali kenaka n'kufunsa kuti, "Koma mwana wanga, munthu anapita kale, iwowa akufuna akamudzutse kumanda kuti awalipire?" Funso limeneli ndi limene linandichititsa kuyamba kuwerenga ndi kufunsafunsa za mphamvu zimene boma lili nazo potolera ndalama zake, ndipo zimene ndinapeza ndikuona kuti ambiri timazidziwa pamene madzi afika kale m'khosi.

Yankho la funso la amayi ndi lakuti boma silifunika kudzutsa munthu aliyense, chifukwa ngongoleyo imatsalira pa chuma cha womwalirayo, ndipo ina imamatirira pamalo penipenipo. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limafuna kuti ngongole za malemu zibwezedwe kaye asanagawane zotsalazo mkazi, ana ndi ena oyenera kulandira. Kwa ife vuto linachokera pa chinthu chimene chimasokoneza eni nyumba ambiri mumzinda muno. Bambo sankaphonya kulipira lendi ya malo, imene munthu wokhala ndi lizi amapereka kwa mwini nthakayo, ndipo malisiti ake onse tinawapeza atawamanga bwinobwino ndi kalabala. Iwo ankaganiza kuti akatero amaliza zonse. Koma msonkho wa malo ndi nyumba, umene timangoutchula kuti ma city rates, ndi chinthu china, umapita ku thumba lina, ndipo umawerengedwa potengera mtengo wa malowo pamodzi ndi zimene zamangidwapo monga momwe zalembedwera m'kaundula amene amayenera kukonzedwanso pa zaka zisanu zilizonse. Makalata a msonkho umenewu bambo ankangowaona ngati obwereza zimene analipira kale. Cholakwa chinali cha pakhomo pathu, ndipo sindikuloza chala munthu wina aliyense.

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la chaka cha 1998 ndi limene limapatsa makhonsolo a mizinda, monga Mzuzu imene inakhala mzinda mu 1985, mphamvu yotolera msonkho umenewu. Munthu akachedwa kulipira, pamwamba pa ngongoleyo pamawonjezeka chindapusa, ndipo akakhala zaka osalipira khonsolo ikhoza kulengeza m'nyuzipepala manambala a mapoloti ndi mayina a eni ake, kenaka n'kutsata njira ya lamulo mpaka malowo kugulitsidwa pa okushoni kuti ngongoleyo ibwezedwe. Masamba a nyuzipepala odzaza ndi timizere ta manambala aja, amene ambiri timangowadumpha pothamangira nkhani za mpira, nthawi zina amakhala chenjezo lomaliza kwa banja lina. Ndinachita mantha nditazindikira kuti nyumba imene bambo anamanga ndi ndalama za penshoni ikanatha kugulidwa ndi mlendo, amayi akadali momwemo, chifukwa cha makalata awiri amene sanatsegulidwe.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa mphamvu zimenezi ayenera kuziyerekeza ndi za wobwereketsa wamba. Ine ndikakongoza mnzanga ndalama iye n'kukana kubweza, sindingapite kwawo kukanyamula firiji, ngakhale nditakhala ndi mboni khumi. Ndiyenera kukasuma, kudikira tsiku la mlandu, kupambana, kenaka n'kupempha khoti kuti litume masherifu, ndipo zonsezi zimadya nthawi ndi ndalama za loya. Wakatapila amene amalanda khadi ya ku banki kapena njinga ya munthu amachita zimenezo ndi nkhanza chabe, lamulo silikhala kumbuyo kwake. Boma pa nkhani ya msonkho lili pamalo ena. M'zinthu zambiri silidikira chiweruzo cha khoti kuti liyambe kutolera, chifukwa Nyumba ya Malamulo inalipatsiratu mphamvuzo, poganizira kuti zipatala, misewu ndi malipiro a aphunzitsi sizingaime kudikira kuti aliyense wozemba msonkho ayambe wazengedwa mlandu.

Bungwe lotolera misonkho la MRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 n'kuyamba ntchito m'mwezi wa February chaka cha 2000, ndi limene lili ndi zida zakuthwa kuposa ena onse. Munthu wabizinesi akapanda kupereka malipoti a zimene wapeza, bungweli likhoza kudziwerengera lokha msonkho umene likuganiza kuti ndi woyenera, ndipo zikatero udindo wosonyeza kuti chiwerengerocho n'cholakwika umagwera mwini bizinesiyo. Likhoza kulanda katundu wa wangongole n'kumugulitsa, ndipo tonse tinaonapo mashopu atatsekedwa ndi maloko achilendo. Koma chida chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi chija chosaoneka ndi maso. Mkulu wa bungweli akhoza kulembera kalata munthu aliyense amene akusunga ndalama za wangongoleyo, kaya ndi banki, womulemba ntchito, kapena kasitomala amene sanamulipire, n'kumulamula kuti ndalamazo azitumize ku boma m'malo mozipereka kwa mwini wake. Amalonda amangoti "andigwirira akaunti." Banki ikalandira kalata yotere sikhala ndi mwayi wochitira chifundo kasitomala wake, chifukwa ikanyozera ikhoza kulipitsidwa iyo yomwe.

Ndikaganiza bwino ndimaona kuti mphamvu yeniyeni ya boma yagona pamenepa, pa kuika dzanja lake pamalo pamene ndalama zimadutsa. Wogwira ntchito yolembedwa sauona n'komwe msonkho wake wa PAYE, chifukwa abwana amadula asanamupatse malipiro. Woperekera katundu ku kampani kapena ku ofesi ya boma amalandira cheke chimene chadulidwa kale msonkho. Wofuna tenda amafunsidwa nambala yake yolipirira msonkho ndi chiphaso chosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, ndipo wopanda chiphasocho amangobwerera pakhomo. Mu 2014 mashopu olembetsedwa kutolera VAT anayamba kugwiritsa ntchito timakina totulutsa malisiti timene tinkauza bungwe la misonkho zimene zagulitsidwa. Boma silichita kuthamangitsa munthu m'tchire ngati kale. Limangodikira pampata pamene iye mwini adzafune kudutsa.

Amayi ogulitsa nsalu ndi ziwiya ku Taifa Market amaudziwa bwino mpata umenewu, chifukwa kwa iwo uli pa mlatho wa Songwe ku Karonga. Katundu wochokera ku Tanzania sadutsa asanalipiridwe msonkho wa pachipata, ndipo amene wadutsa njira zachidule akhoza kugwidwa panjira basi isanakwere n'komwe mapiri a Chiweta. Malamulo a za kasitomu amalola kuti katunduyo asungidwe mpaka msonkho ndi chindapusa zitalipiridwa, nthawi zina ngakhale galimoto imene yamunyamula imagwidwa, ndipo katundu amene mwini wake walephera kumuwombola amadzagulitsidwa. Apa katunduyo ndiye amasanduka chikole, ngakhale kuti palibe amene anasainirana ndi mnzake za chikole.

Ndatchula za kuthamangitsana m'tchire chifukwa agogo anga aamuna, amene kwawo kunali ku Mzimba, ankakonda kusimba za nthawi imene amesenjala a kwa DC akaonekera kumapeto kwa mudzi amuna onse osalipira msonkho ankazimiririka ngati nkhwali. Msonkho wa nyumba unayamba m'zaka za m'ma 1890 pansi pa Harry Johnston, ndipo kwa nthawi ndithu unali masheleni atatu pa nyumba iliyonse. Njira zotolerera zinali zoopsa, chifukwa nyumba za olephera kulipira zinkatenthedwa ndipo akazi awo ankagwidwa mpaka mwamuna atabwera ndi ndalama. Dziko la Angoni a kwa M'mbelwa linachedwerapo kulowa m'manja mwa atsamunda, mpaka mu 1904 pamene Alfred Sharpe anakumana ndi mafumu ku Ekwendeni, koma msonkho sunachedwe kutsatira, ndipo unali chimodzi mwa zifukwa zimene amuna ambiri a chigawo chino anayendera wapansi ulendo wa ku Harare ndi ku Joni. Ufulu utabwera msonkho wa mutu unapitirira, ndipo lamulo la 1966 lotchedwa Forfeiture Act linapatsa boma mphamvu yolanda chuma cha munthu popanda iye kukhala ndi kodandaulira. Lamulo limeneli linachotsedwa pa nthawi imene dziko linkasintha kupita ku ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo msonkho wa mutu nawonso unathetsedwa. Ndikukhulupirira kuti mantha amene akuluakulu athu ali nawo akaona envulopu ya chidindo, mantha oti bola kuibisa kusiyana n'kuitsegula, anachokera m'zaka zimenezo.

Kusiyana kwa nthawi imeneyo ndi lero kuli m'Malamulo oyendetsera dziko lino. Gawo 171 limanena kuti palibe msonkho umene boma kapena khonsolo ingatolere popanda lamulo lololeza. Gawo 28 limateteza munthu kuti asalandidwe katundu wake mwachisawawa, ndipo gawo 43 limapatsa aliyense ufulu woti ofesi ya boma ichite naye zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, komanso kuti imupatse zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chake chikumukhudza. Choncho mphamvu zonse zimene ndatchulazi zili ndi malire. Munthu ali ndi ufulu wotsutsa chiwerengero cha msonkho polemba kalata, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a kayendetsedwe ka misonkho pamodzi ndi lamulo la bwalo lapadera lomva madandaulo a olipira msonkho. Khoti Lalikulu, limene lili ndi nthambi yake konkuno ku Mzuzu, likhoza kuunika ngati ofesi yapyola malire ake, n'kuiimitsa ndi chiletso. Koma ufulu wonsewu uli ndi nthawi yake yoikika, imene kawirikawiri imayamba kuwerengedwa pa tsiku la kalatayo, moti amene waiika m'sutikesi amakhala akudzitsekera yekha khomo limene lamulo linamutsegulira. Paja akuluakulu anati mlandu suwola.

Sindikufuna kudzionetsa ngati woyera pa nkhaniyi, chifukwa nanenso ndinali ndi ngongole yanga imene ndinkaganiza kuti inaiwalika. Ambiri amene tinaphunzira m'mayunivesite a boma tinkasaina mafomu a ngongole ya fizi tikuseka, ndipo tinkauzana kuti palibe amene anabwezapo. Mu 2015 kunabwera lamulo limene linakhazikitsa bungwe loona za ngongole ndi thandizo la ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, ndipo bungweli linapatsidwa mphamvu yotolera ngongole zakale kuyambira za m'zaka za m'ma 1980. Njira yake ndi yomwe ija ya kuika dzanja pamene ndalama zimadutsa, chifukwa olemba anthu ntchito amayenera kuulula antchito awo amene anapindula ndi ngongolezi n'kumawadula pamalipiro. Mwezi umene ndinaona mzere watsopano pa pepala langa la malipiro ndinang'ung'udza sabata yathunthu. Kenaka ndinakumbukira mwana wa achemwali anga amene anasankhidwa kupita ku Mzuni koma ankasowa fizi, ndipo ndinakhala chete. Pa ngongole zonse zimene boma limatolera, imeneyi ndi imene sindipeza chifukwa chilichonse choikanira.

Pali ngongole zina zimene boma limaoneka lofooka pozitolera, ndipo kufookako sikuchokera ku lamulo. Thumba la ngongole za mabizinesi ang'onoang'ono linayamba mu 2005 ndi dzina la MARDEF, kenaka linatchedwa MEDF, ndipo mu 2020 linakhala NEEF, koma dandaulo lakuti anthu sabweza lakhala likumveka pansi pa mayina onsewa. Ngongole ikaperekedwa pamsonkhano wa ndale, pakati pa nyimbo ndi nsalu za chipani, wolandirayo amaimva ngati mphatso yothokozera voti, ndipo wandale amene anaimirira pambali pake tsiku limenelo sangafune kudzaoneka pambali pa masherifu chisankho chikayandikira. Mzimayi yemweyo amene sangayerekeze kuphonya tsiku ku banki m'khonde, chifukwa anzake adzamutengera ndowa ndi mapoto, akhoza kunena mosaphethira kuti za boma zilibe mwini. Mwini wake alipo, ndipo ndi mnzake uja amene adzauzidwe chaka chamawa kuti m'thumba mulibe kanthu.

Pamene ndimadandaula ndi pakuti boma lomweli likakhala kuti ndilo lili ndi ngongole, zinthu zimatembenuka. Mlamu wanga anaperekera zipangizo ku ofesi ina ya boma, imene sindiitchula, atatenga ngongole ku banki kuti agule katunduyo. Anadikira malipiro ake pafupifupi zaka ziwiri, akungouzidwa kuti ndalama sizinabwere kuchokera ku likulu, pamene chiwongoladzanja cha ku banki chinkakwera mwezi ndi mwezi ndipo misonkho ya bizinesi yake inkafunika pa nthawi yake. Iye analibe mphamvu yolembera banki iliyonse kuti igwire akaunti ya ofesiyo. Wofuna kusumira boma amayenera kuyamba wapereka chidziwitso cholembedwa n'kudikira nthawi imene lamulo linaika asanapite ku khoti, ndipo ngakhale atapambana, kutuma masherifu kukanyamula katundu wa boma si chinthu chimene malamulo a makhoti amalola monga amachitira ndi munthu wamba. M'zaka zapitazi boma linafika polipira ena mwa amene linali nawo ngongole ndi mapepala olonjeza kudzalipira m'tsogolo, amene ambiri anawagulitsa ku mabanki pamtengo wotsika chifukwa sakanatha kudikira. Ndikumvetsa chifukwa chake ambulansi ya chipatala siyenera kulandidwa ndi wangongole. Chimene chimandivuta kumvetsa n'chakuti munthu mmodzimodziyo azilipitsidwa chindapusa akachedwa ndi sabata, koma iye akachedwetsedwa zaka ziwiri azingouzidwa kuti apirire.

Chinanso n'chakuti dzanja limeneli limalemera kwambiri pa anthu osavuta kuwapeza. Mphunzitsi, namwino, mwini kagolosale ka ku Chibavi ndi mayi wamasiye wa nyumba imodzi onse ali ndi keyala yodziwika, ndipo alibe loya woti athamangire ku khoti usiku. Malamulo obwezera chuma chobedwa alipo, monga la 2017 la milandu ya zachuma limene limalola khoti kugwira ndi kulanda katundu wopezeka mwachinyengo, koma aliyense amene anatsatira milandu ya Cashgate kuyambira mu 2013 anaona momwe zaka zimathera pamene wangongoleyo ali ndi ndalama zolipirira maloya. Sindikunena kuti wamng'ono asamalipire chifukwa wamkulu wazemba. Ndikungonena kuti anthu amaona, ndipo wotolera msonkho akafika pamsika amakumana ndi mkwiyo umene sanauyambitse ndi iye.

Lolemba lotsatira ndinanyamula makalata asanu aja, satifiketi ya imfa ya bambo ndi malisiti onse a lendi ya malo, n'kupita ndi amayi ku ofesi imene inalemba makalatawo. Amayi anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi ngati kuti tikupita kukazengedwa mlandu, ndipo njira yonse sanayankhule. Bambo amene tinawapeza pa desiki anayang'ana malisitiwo, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Amayi, si inu oyamba, ambiri amasokoneza ziwirizi. Mwachita bwino kubwera nokha tisanafike patali." Anatisindikizira pepala losonyeza ngongole ya chaka chilichonse payokha, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaona kuti gawo lalikulu la ndalamazo linali chindapusa cha kuchedwa, osati msonkho weniweniwo. Anatiuza kuti tilembe kalata yopempha kulipira pang'onopang'ono, ndiponso kuti tiyambe kukonza zosintha dzina la mwini malo kuti makalata asamapitenso kwa munthu amene kulibe. Ndinalipira gawo loyamba tsiku lomwelo ndi ndalama zimene ndinkasungira malata a nyumba yanga ya ku Luwinga, imene tsopano idikira chaka china.

Potuluka amayi anandilanda lisiti lija m'manja, analipinda kawiri n'kulimanga pa mfundo ya chitenje. Titafika pa depoti kudikira minibasi ya ku Chibanja anandiuza kuti Loweruka ndibwerenso, chifukwa pamwamba pa wadiropu pali katoni ina ya mapepala a bambo imene palibe amene anaitsegulapo.